Nyanja Ili Kutali: Mbiri ya Madzi ku Katete

Mvula ikagwa pamapiri a Mphangwe, madzi ake sagona. Maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndipo dziko lake linakhala mopatula madzi uku ndi uku. Ena amatsetserekera kumpoto, kulowa mu Lupande mpaka kukagwera mu Luangwa. Ena amalunjika kumwera, kudzera mu Kapoche ndi timitsinje tinzake, n'kudumpha malire kulowa m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Njira ziwiri zonsezi zimakathera mu Zambezi, ndipo Zambezi amakawatula m'nyanja ya Indian Ocean, yomwe ili pamtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera kuno ngakhale mutayeza mowongoka.

Ife tsono timakhala kumutu kwa madzi. Palibe mtsinje waukulu wochokera kwina umene umatibweretsera madzi. Amene tili nawo ndi okhawo otigwera kuchokera kumwamba. Chaka chabwino mvula imafika mamilimita 800 mpaka 1,000, ndipo imeneyi si yochepa ayi, koma imagwa yonse kuyambira Novembala kulekeza Malichi kapena Epulo. Miyezi yotsalayo timadya zimene nthaka yatisungira. Nthakayo nayonso ndi youmira, chifukwa pansi pake pali thanthwe lolimba lomwe limasunga madzi m'ming'alu mokha ndi pamene mwala unafumbutuka. N'chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi chaka chonse pamene unzake wa mudzi woyandikana nawo umayamba kupuma mu Okutobala.

Chichitikireni chilala cha 2024, anthu omvera wailesi ndi owerenga nkhani pafoni akhala akufunsa za mayiko a m'chipululu amene akumwa madzi a m'nyanja atawachotsa mchere ndi makina. Ena amafika ponena kuti lusoli lidzathetsa nkhondo zolimbirana mitsinje. Nanga ife bwanji? Funsoli ndi la nzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Yankho lake lili m'mbiri ziwiri, yathu ndi ya makinawo, ndipo zonse ziwiri zimakafika pa nkhani imodzi: kodi ndani ali ndi mphamvu yotsegulira anzake madzi kapena kuwatsekera?

Makolo athu sankazika nsichi asanapeze madzi. Mudzi unkakhala chakumtunda kwa dambo, manda ali m'nkhalango yakeyake, madimba ali m'munsi momwe chinyezi chimachedwa kuchoka. Chitsime chinkakumbidwa m'mphepete mwa dambo, ndipo madzi akamatsika m'chilimwe anthu ankachitsatira, kuchikumbanso kapena kufukula mchenga wa mumtsinje wouma mpaka madzi atayamba kudikha. Amayi ankalawira m'bandakucha ndi mitsuko ndi zikho, n'kumadikira kuti madzi adzadzire pang'onopang'ono. Unali moyo wa thukuta, ndipo sindifuna kuukometsa. Koma unali ndi malamulo amene aliyense ankawadziwa. Pomwa anthu sipankamwera ng'ombe, pochapa panali kumunsi, mitengo ya pakasupe sinkadulidwa, ndipo mlendo wodutsa sankamanidwa madzi akumwa. Mkangano ukabuka unkapita kwa nyakwawa, ukakula unkakwera kwa mfumu yaikulu. Ndipo ngati malo auma ndithu, mudzi unkasamuka, chifukwa dziko linalipo.

Mvula yeniyeniyo inali nkhani ya ufumu wonse. Undi atapatukana ndi Kalonga n'kukakhazikitsa likulu lake ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche lomwe lero lili ku Mozambique, sanangotenga minda ndi njira za malonda a minyanga. Mbiri ya pakamwa imagwirizanitsa dzina lake ndi kachisi wa mvula wa ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama ku Malawi, kumene kunkakhala Makewana. Mvula ikakanika, mafumu ankatumiza nthumwi ndi nsembe kumeneko, kuyenda masiku ambiri kudutsa m'madera amene lero ndi mayiko atatu. Munthu wa lero angakhulupirire kapena ayi kuti nsembezo zinkagwetsa mvula. Chimene sitingachikane n'chakuti chilala chinkasonkhanitsa mafumu pa khomo limodzi m'malo mowagawanitsa. Kachisi wa ku Msinja anaphwasulidwa pa nkhondo za Angoni cha m'ma 1870, ndipo pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko la Undi ndi mzere wa pamapu. Kapoche anasanduka mtsinje wa mayiko awiri.

Kusowa madzi kwenikweni, kumene agogo athu ankakusimba ndi mkwiyo, kunabwera ndi kulandidwa kwa malo. Mjeremani wina dzina lake Carl Wiese anati anapatsidwa dziko ndi Mpezeni, mfumu ya Angoni, ndipo pa zonena zakezo kampani ya North Charterland Exploration Company inatenga dera la masikweya mailosi 10,000 kum'mawa kwa Luangwa. Angoni atagonjetsedwa mu Januwale 1898, kampaniyo inayamba kugulitsa minda kwa azungu olima fodya ndi oweta ng'ombe kuzungulira Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Mu 1924 kunakhazikitsidwa bungwe lodula malo osungirako anthu akuda, ndipo mu 1928 malowo analengezedwa mwalamulo. Achewa, Angoni ndi Ansenga anauzidwa kusamuka m'madambo a makolo awo kupita m'marizevu.

Pamapu marizevuwo ankaoneka otakasuka. Pansi zinthu zinali zina. Mbali yaikulu inali mapiri, miyala ndi malo opanda madzi m'chilimwe, kotero anthu anaunjikana m'mbali mwa mitsinje yochepa imene inali yosaphwa. Minda inalimidwa osapumitsidwa, mitengo inatha, nthaka inakokoloka, ndipo zitsime zomwe zinkakwanira mudzi umodzi zinayamba kutungidwa ndi midzi ingapo. Chopweteka koposa n'chakuti malo ambiri amene anthu anachotsedwamo sanalimidwe n'komwe, chifukwa azungu amene ankayembekezeredwawo sanabwere ochuluka. Malowo anangomera tchire, nyama zakuthengo zinabwerera, ndipo nazo kunabwera kashembe wopha ng'ombe. Katswiri wa mbiri Leroy Vail anafotokoza bwino zimenezi m'zolemba zake za 1977 zokhudza kum'mawa kwa Zambia. Mvula sinasinthe m'zaka zimenezo. Anthu anamva ludzu chifukwa cholembera cha munthu wina chinawaika kutali ndi madzi.

Mu 1941 boma la atsamunda linagula malo a maekala oposa 3 miliyoni kuchokera ku kampani ija n'kuyamba kubwezeramo anthu. Apa m'pamene boma linalowa mu ntchito yokumba zitsime zomangira ndi kumanga timadamu ta dothi, chifukwa linaona kuti mudzi sungakhazikike popanda madzi. Boma la Katete ndi chipatala cha St Francis, chomwe chinayamba mu 1948, zinakula m'nyengo imeneyi, ndipo zinabweretsa ludzu la mtundu watsopano, la tauni, la anthu ambiri okhala malo amodzi amene sangasamuke madzi akatsika.

Pa nthawi yomweyo, kutali m'mphepete mwa nyanja za mchere, anthu ena ankalimbana ndi vuto losiyana ndi lathu. Iwo madzi anali nawo osatha, koma osamweka. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ili ndi mchere wa magalamu pafupifupi 35, ndipo munthu akawamwa ludzu limangokula. Njira yakale yowachotsera mchere aliyense amene anaonapo kutcheza kachasu aimvetsa msanga: mumawiritsa madzi, nthunzi imadutsa mumpope wozizira n'kudontha mbali inayo, mchere n'kutsalira mumphika. Sitima za pamadzi zoyendera malasha zinkachita zimenezi m'zaka za m'ma 1800. Ku Lüderitz, doko la m'chipululu cha Namibia, Ajeremani ankamwa madzi obwera pa sitima kuchokera ku Cape Town ndi ena otcheza ndi makina otere. Ku Jeddah, kumene amatsikira Asilamu opita ku Mecca, makina oterewa anaikidwa mu 1907.

Dziko loyamba kuika moyo wake wonse pa lusoli linali Kuwait, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuimvetsa bwino. Kwa zaka zambiri madzi akumwa a mumzinda wa Kuwait ankabwera m'ngalawa zamatanga kuchokera mumtsinje wa Shatt al-Arab ku Iraq. Chuma cha mafuta chitabwera, panali maganizo oika mpope wochokera kumtsinjewo, womwe ukanakhala wotsika mtengo. Atsogoleri a Kuwait sanafune kuti khosi la dziko lawo likhale m'manja mwa mnansi wamphamvu amene ankanena kuti Kuwait ndi gawo lake. Anasankha kuwiritsa nyanja, ndipo fakitale ya ku Shuwaikh inayamba ntchito mu 1953. Kwa zaka zoposa 30 nzeruyi inawateteza. Koma Iraq italanda dzikolo mu 1990, mafakitale a madzi ndi a magetsi anali m'gulu la zinthu zimene zinawonongedwa, ndipo mafuta amene anatayidwa dala m'nyanja mu 1991 anaopseza mafakitale a Saudi Arabia. Mtsinje ndi wovuta kuupha, koma fakitale imaima malo amodzi odziwika.

Kuwiritsa kumadya mafuta ochuluka, kotero kunali kwa mayiko olemera ndi mafuta okha. Zinthu zinasintha cha m'ma 1960 pamene Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan, pa yunivesite ya California ku Los Angeles, anapanga sefa yopyapyala kwambiri imene imalola madzi kudutsa koma n'kutsekereza mchere, malinga ngati madziwo akukankhidwa ndi mapampu amphamvu zedi. Njirayi imatchedwa reverse osmosis. Malo oyamba kuigwiritsa ntchito pomwetsa anthu sanali a m'mphepete mwa nyanja. Inali tauni ya Coalinga ku California, mu 1965, kumene madzi a pansi pa nthaka anali a mchere. Lero mafakitale ambiri atsopano amatsata njira imeneyi. Pa malita 100 otungidwa m'nyanja, 40 kapena 50 amatuluka abwino, otsalawo amabwezedwa ali ndi mchere wowirikiza. Kuti mupeze malita 1,000, omwe ndi pafupifupi madiramu asanu, pamafunika mayunitsi atatu kapena anayi a magetsi. Kafukufuku wa 2019 wa akatswiri a United Nations anawerenga mafakitale pafupifupi 16,000 padziko lonse, otulutsa malita 95 biliyoni patsiku, ndipo anapeza kuti madzi a mchere otayidwa ndi ochuluka kuposa abwinowo.

Onena kuti makinawa amabweretsa mtendere amaloza ku Israel. Kumeneko madzi anakhetsapo magazi ndithu. Israel atamaliza mu 1964 ngalande yaikulu yotenga madzi m'nyanja ya Galileya kupita kumwera, mayiko a Aluya anayamba kupatutsa mitsinje yothira mu Yordano, ndipo panali kuwomberana m'malire a Syria nkhondo ya 1967 isanabuke. Kuyambira 2005, pamene fakitale ya ku Ashkelon inatsegulidwa, kenaka ya ku Hadera, ya ku Sorek mu 2013 ndi zina, Israel anafika pomwetsa mizinda yake makamaka ndi madzi a m'nyanja ya Mediterranean. Zimenezi zinam'patsa mpata wogulitsa madzi kwa Jordan, kuwonjezera pa amene analonjezedwa m'pangano la mtendere la 1994. Mu Novembala 2021 mayiko awiriwa, pamodzi ndi United Arab Emirates, anagwirizana zoti Jordan azipereka magetsi a dzuwa posinthana ndi madzi. Patangopita zaka ziwiri, nkhondo ya ku Gaza itayamba, Jordan analengeza kuti sasainira panganolo.

Ku Gaza komweko, kumene madzi a pansi pa nthaka anawonongeka kale ndi mchere ndi zonyansa, fakitale ya ku Deir al-Balah inatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la European Union ndi UNICEF. Mu Malichi 2025 Israel anadula magetsi opita kufakitaleyo, ndipo madzi amene inkatulutsa anatsika kwambiri pamene anthu anali atathawa kale m'nyumba zawo. Ine ndikawerenga mbiri imeneyi sindiona makina akuyanjanitsa anthu. Ndimaona kuti pamene anthu agwirizana kale, makina amawapatsa chinthu chogawana, ndipo pamene adana, makina amapatsa wamphamvu chingwe china chomangira mnzake.

Kuno kumwera kwa Africa nkhaniyi inafikanso. Pa chilala cha 1996 Namibia inakonza zotenga madzi mumtsinje wa Okavango kupita nawo ku Windhoek, ndipo Botswana inadandaula kuti dambo lake lalikulu la Okavango liwonongeka. Mayikowa anali atakhazikitsa kale bungwe la OKACOM mu 1994 pamodzi ndi Angola, kotero anali ndi pokambirana, ndipo mvula itabwera ganizolo linaikidwa pambali. Mu 2010 kampani ya ku France ya Areva inamanga fakitale yochotsa mchere pafupi ndi Swakopmund, yotha kutulutsa malita 20 biliyoni pachaka, koma cholinga chake choyamba chinali kumwetsa mgodi wa uranium. Malemu Hage Geingob ndi a Mokgweetsi Masisi, atsogoleri a Namibia ndi Botswana panthawiyo, anakambirana mu 2021 zoika mpope wochokera kunyanja ya Atlantic kudzera ku Windhoek mpaka ku Gaborone. Ku Cape Town, kumene kuli abale athu ambiri a ku Malawi ndi Zambia, mzinda unatsala pang'ono kutseka mipope mu 2018, munthu aliyense n'kumaloledwa malita 50 patsiku. Timafakitale titatu tinamangidwa mothamanga ku Strandfontein, Monwabisi ndi V&A Waterfront, koma madzi ake anali kadontho poyerekeza ndi zofuna za mzindawo, ndipo patangopita zaka zochepa tonse tinatsekedwa. Chinapulumutsa Cape Town ndi kuchepetsa kagwiritsidwe ntchito ka madzi, madzi amene alimi anatsegulira mzinda kuchokera m'madamu awo, ndi kubwerera kwa mvula.

Tibwerere kwathu. Zambia inalandira ufulu mu 1964 ili kale ndi bala la madzi. Damu la Kariba, lomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa cha Gwembe, ndipo mu Seputembala 1958 apolisi anapha anthu asanu ndi atatu pa mudzi wa Chisamu amene ankakana kuchoka. Magetsi amene timayatsa ku Katete ali ndi mbiri imeneyo. Boma la a Kenneth Kaunda linawonjezera zitsime ndi madamu m'midzi, koma chuma chitagwa limodzi ndi mtengo wa kopa m'ma 1970, zambiri zinasiyidwa osakonzedwa. Chiwerengero cha anthu sichinadikire. Kalembera wa 1969 anapeza anthu 4 miliyoni m'dziko lonse, wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni, koma madambo ndi omwe aja.

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatipeza. Anthu othawa m'chigawo cha Tete anadutsa malire n'kukhala m'midzi ya Katete, Chadiza ndi Petauke, ambiri mwa iwo Achewa ndi Ansenga okhala ndi abale mbali ino. Asanasamutsidwire kumsasa wa othawa kwawo wa ku Ukwimi, womwe unatsegulidwa mu 1987, ankatunga pa zitsime zomwezo ndi eni mudzi. Zigawenga za RENAMO zinkadumphanso malire kudzaba ndi kupha, ndipo midzi ina ya m'malire inathawa kusiya zitsime ndi madimba. Kenaka kunabwera chilala cha 1991 ndi 1992, chimene achikulire amachikumbukira ndi chimanga chachikasu chochokera kunja. Olemba mbiri ambiri amati njala ya chakacho inafooketsa mbali zonse za nkhondo ya ku Mozambique n'kufulumizitsa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ndimaikonda mfundo imeneyi chifukwa imatsutsa chiphunzitso chakuti kusowa madzi kumabala nkhondo nthawi zonse. M'midzi yathu ya m'malire, anthu osauka anagawana zitsime zakuphwa ndi alendo kwa zaka, ndipo sanamenyane.

Chilala chimenecho ndicho chinadzaza midzi ndi mijigo. Mabungwe akunja ndi boma anabwera ndi magalimoto obowola, ndipo pampu ya India Mark II inakhala chinthu chodziwika pamudzi uliwonse, pamene kutsidya ku Malawi kunafala ya Afridev. Kunabwera makomiti a madzi a m'midzi otchedwa V-WASHE, kusonkherana ndalama pamwezi, ndi amakanika a mijigo oyenda panjinga. Lamulo la madzi la 1997 linabala bungwe la NWASCO ndi makampani a madzi a m'zigawo, ndipo mipope ya m'matauni athu inaperekedwa kwa Eastern Water and Sewerage Company. Katete Boma, yomwe inkadalira zitsime zobowola zosakwanira, inamangiridwa damu m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la dziko la Germany kudzera ku banki ya KfW. Sinda ndi Vubwi zinakhala maboma paokha mu 2012, ndipo maofesi, nyumba za antchito ndi misika zinayamba kufuna madzi a mumpope pamalo pomwe kale panali midzi chabe.

Mikangano ya madzi imene ilipo kuno ndi yaing'ono pamaso pa dziko, koma kwa eni ake ndi yaikulu. Mnyamata wafika ndi ng'ombe pamjigo pamene amayi andanditsa zigubu kuyambira usiku. Mwini dimba la kumtunda watseka mfuleni ndi matumba a mchenga kuti athirire tomato ndi repu, a kumunsi n'kutsala ndi matope. Banja lina silinasonkhe ya mjigo miyezi itatu, komiti n'kulimana kutunga, ndipo nkhani imafika kwa amfumu. Mudzi wina ukuti mjigo ndi wawo chifukwa unabowoledwa pamalo awo, pamene sukulu ikuti unabwera m'dzina la ana. Milandu yotere imaweruzidwa pansi pa mtengo, ndipo kawirikawiri imatha ndi kugawana maola: ng'ombe masana, anthu m'mawa ndi madzulo.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa china chimene sitinkachiganizira. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni chinapserera. Kariba anatsika mpaka bungwe la Zambezi River Authority linapatsa Zambia ndi Zimbabwe theka chabe la madzi opangira magetsi poyerekeza ndi chaka chapitacho. Pofika Seputembala, makina amodzi okha mwa asanu ndi limodzi a mbali ya Zambia ndiwo ankazungulira, ndipo malaiti ankapita maola oposa 20 patsiku. Malaiti akapita mapampu amaima, thanki siidzadza, mpope umauma ngakhale damu lili ndi madzi. Anthu a m'tauni anapezeka akupita ndi zigubu kumijigo ya pamanja ya m'midzi. Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Apa m'pamene funso lija la madzi a m'nyanja limapezera yankho. Tiyerekeze kuti fakitale yamangidwa kugombe la Mozambique. Kuchotsa mchere m'malita 1,000 kwadya mayunitsi atatu kapena anayi. Kukweza madzi omwewo mamita 1,000 kuti afike pamtunda wathu kumafuna mayunitsi ena pafupifupi atatu, tisanawerengere mphamvu yotayika powakankha mumpope wa makilomita mazanamazana. Jordan akukonza ntchito yofanana ndi imeneyi, yotenga madzi ku Aqaba kupita ku Amman mtunda wa makilomita pafupifupi 450, ndipo mtengo wake ndi mabiliyoni a madola, koma iwo alibe mvula yathu. Mpope wathu ukanadutsa m'dziko la eni, n'kuwoloka kapena kutsata Zambezi, mtsinje wa madzi abwino amene akuthamangira kunyanja komweko. Ndipo chaka chimene tingawafunitsitse madziwo, chaka cha chilala, ndicho chaka chimene magetsi kulibe. Dziko lodalira damu popanga magetsi silingathawe chilala pogwiritsa ntchito makina odya magetsi.

Pali mbali imodzi ya lusoli imene ili ndi ntchito pafupi nafe, ndipo ndi ija ya ku Coalinga. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, mijigo yambiri imatulutsa madzi a mchere amene anthu amawasiya n'kubwerera kumtsinje kumene kuli ng'ona. M'chigawo cha Gaza ku Mozambique, kumene vutoli ndi lalikulu, timakina tochotsa mchere toyendera dzuwa taikidwa pa zitsime zobowola za m'midzi ina. Madzi a pansi otere mchere wake ndi wochepa kuyerekeza ndi wa m'nyanja, kotero safuna mphamvu yambiri. Komabe sefa zake zimatha ndipo zimagulidwa kunja, ndipo madzi a mchere otsala amafuna potayira posawononga minda. Mudzi umene umavutika kupeza ndalama ya mphira wa mjigo uyenera kuuzidwa zoona za mtengo umenewu makinawo asanatsitsidwe m'galimoto. Kuno kumtunda kwathu madzi a pansi nthawi zambiri ndi abwino. Vuto lathu ndi kuchepa kwake m'miyezi itatu yomaliza ya chilimwe.

Ntchito imene yatiyang'ana ndi yogwira mvula isanathawe. Madamu ambiri a dothi a nthawi ya atsamunda ndi ya a Kaunda anadzaza matope chifukwa minda inafika mpaka m'mphepete mwake ndipo mitengo ya m'mapiri inapita ku makala. Damu la Katete nalonso moyo wake uli m'mitengo ya kumtunda kwake. Phiri likameteka, damu limalandira dothi m'malo mwa madzi. Kuchotsa matope, kukonza potulukira madzi osefukira, kusiya udzu m'mbali mwa mfuleni, kumanga makoma otsekereza mchenga m'mitsinje youma kuti madzi azibisala m'menemo, kuika mapampu a dzuwa pa zitsime zamphamvu, zonsezi n'zotheka ndi ndalama za chitukuko cha m'madera za CDF ndi manja a anthu. Lamulo la 2011 limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la WARMA, ndi malamulo a 2018 olembetsa zitsime zobowola, anatipatsa poyambira kudziwa kuti tikutunga madzi ochuluka bwanji pansi pathu.

Kwatsala nkhani ya malire. Mayiko asanu ndi atatu a mumtsinje wa Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM, lomwe pangano lake linasainidwa ku Kasane mu 2004 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2011. Zambia, yomwe ili ndi gawo lalikulu la dera lothira madzi mumtsinjewu kuposa dziko lina lililonse, inachedwa kulowamo mpaka 2013. Bungweli limayang'ana zinthu zazikulu monga Kariba ndi Cahora Bassa. Timitsinje tathu todumpha malire ndi tating'ono kwambiri kuti tikambidwe pamisonkhano yotere, koma tikachulukitsa madamu ndi mapampu kumtunda kuno, oyamba kumva adzakhala anthu a m'midzi ya ku Tete amene amamwa madzi omwewo kumunsi, ndipo ambiri a iwo ndi a mitundu yathu, Abanda ndi Aphiri. Khomo lokambirana nawo lilipo kale. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, mitsinje itayamba kuphwa, mafumu a Achewa oposa 200 a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amalambira Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, ndipo mwambo wa Kulamba umafuna kuti afotokoze mmene anthu awo akukhalira. Mu 2007 a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, atsogoleri a mayiko atatuwa panthawiyo, anakhala pamodzi pabwalo limenelo. Mafumu a mbali zonse ziwiri za Kapoche angathe kugwirizana pamenepo za mitengo ya kumutu kwa mtsinje, za malo omanga damu, ndi za madzi oyenera kusiyidwa kuti apitirire kumunsi m'mwezi wa Okutobala, kenaka n'kupereka mfundozo kwa makhonsolo ndi kwa WARMA kuti zilembedwe.